Moto wa pachiwaya ndi umene umalamula moyo wa mafuta

Wapaulendo aliyense wodutsa pa Zalewa m'boma la Neno amalandiridwa ndi fungo la tchipisi, nsomba ndi nyama zokazinga pachiwaya. Mbatata ya kachewere, imene imalimidwa kwambiri kumapiri a bomali monga m'dera la Mfumu Dambe, ndi imene imapatsa ambiri mwa ogulitsa zakudyazi ndalama za tsiku ndi tsiku. Koma ubwino wa chakudyacho umadalira kwambiri momwe mafuta akusamalidwira pamoto.

Zinthu zinayi ndi zimene zimaononga mafuta ophikira: kutentha kopyola muyezo, madzi, mpweya ndi zinyenyeswa za chakudya. Madzi otuluka m'mbatata amaphwanya mafuta pang'onopang'ono. Mpweya umawasandutsa achiwawa ndi onunkha, makamaka m'chiwaya chotambalala chimene chimakhala chosavundikira tsiku lonse. Zinyenyeswa za zigege kapena nsomba zikatsalira pansi zimapserera ndi kudetsa mafuta onse.

Kukazinga komiza chakudya m'mafuta kumayenda bwino pa kutentha kwa madigiri 160 mpaka 180. Pamenepo kunja kwa tchipisi kumauma msanga ndipo nthunzi yotuluka mkati imaletsa mafuta kulowerera. Wokazinga akathira mbatata yambiri nthawi imodzi, mafuta amazizira, tchipisi n'kukhala cholobodoka ndi chodzaza mafuta. Akasonkhezera nkhuni mpaka utsi kutuluka m'mafuta, kunja kumapserera mkati musanapse, ndipo mafutawo amakalamba m'maola ochepa. Kukazinga ndi mafuta ochepa m'poto, monga amachitira kunyumba, kumaonetsa mafuta ku mpweya wambiri, choncho otsalawo sayenera kusungidwa.

Mtundu wa mafuta nawo uli ndi mbali yake. A mpendadzuwa ndi a soya amaonongeka msanga akamatenthedwa mobwerezabwereza, pomwe ochokera ku zipatso za kanjedza amapirira moto kwa nthawi yotalikirapo.

Nkhaniyi ikukhudzanso thanzi. M'chaka cha 2002 akatswiri a ku Sweden adapeza kuti zakudya monga mbatata zikakazingidwa pamoto waukulu zimapanga acrylamide, mankhwala amene bungwe la IARC lidawaika m'gulu la zinthu zomwe mwina zimayambitsa khansa. Tchipisi chikamadera kwambiri, acrylamide amachulukanso. Maiko angapo a ku Ulaya amalamula kuti mafuta atayidwe pamene pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi laonongeka. Komanso vitamini A amene amathiridwa m'mafuta ophikira m'dziko muno amachepa mafutawo akamatenthedwa kawirikawiri kapena akamakhala padzuwa m'mabotolo oonekera mkati. Ku Neno, kumene bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likugwira ntchito ndi zipatala za boma kuyambira 2007, kuphatikizapo kuthandiza odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi, kuchepetsa mafuta olowa m'thupi ndi nkhani yofunika.

Wapachiwaya alibe makina oyezera, koma maso ndi mphuno zimakwanira. Mafuta otha ntchito amada, amananda, amachita thovu losatha msanga, amatulutsa utsi moto usanakule ndipo amasiya kuwawa kukhosi. Kuthiramo atsopano sikuwakonza: akalewo amafulumizitsa kuonongeka kwa atsopanowo.

Pali njira zosalira ndalama zotalikitsira moyo wa mafuta. Mbatata yodula iviikidwe m'madzi kenaka iumitsidwe isanalowe m'chiwaya. Ikazingidwe pang'onopang'ono ndi kuchotsedwa ikangofiirira. Mchere uthiridwe chakudya chitachoka pamoto. Nsomba ndi nyama zikhale ndi mafuta akeake. Makasitomala akachepa moto uchepetsedwe, ndipo madzulo mafuta asefedwe ndi kusungidwa m'chigubu chotseka pamalo amthunzi.

Mafuta ndi okwera mtengo, ndipo kuwataya kumapweteka m'thumba. Komabe wogulitsa amene amasamala moto amagula mafuta ochepa, popeza tchipisi chake sichimwa mafuta ambiri, ndipo makasitomala amabwererakonso.