Dzino lazulidwa, ululu watsala: nkhani ya kukukuta mano

CASSACATIZA — M'midzi ya kuno kumalire a Moçambique ndi Zambia, munthu akadzuka m'mawa nsagwada zitalema, kutsogolo kwa khutu kukuwawa, amayamba waganiza kuti dzino lavunda. Ena amapita kukazulitsa. Dzino limachoka, bala limapola, koma ululu uja umakhalapobe. Ena amadonthezera mafuta m'khutu poyesa kuti vuto lili m'menemo.

Nthawi zina amene amadziwa gwero la nkhaniyi ndi mnzake wogona naye mphasa imodzi. Iyeyo ndiye amamva phokoso pakati pa usiku, ngati mphero ikupera mawere. Mwini wake akauzidwa amakana, pakuti kukukuta mano kutulo munthu sadzimva.

Nsagwada ya m'munsi imalumikizana ndi mutu pamalo awiri, kutsogolo kwa khutu lililonse. Woika chala pamenepo n'kutsegula pakamwa amamva fupa likuyenda. Pakati pa mafupawo pali kamnofu kolimba kokhala ngati nkhata, koteteza kuti asakhudzane. Yokoka nsagwada ndi minofu ya m'masaya ndi ya m'mbali mwa mutu. Munthu akakhala phee, mano a m'mwamba ndi a m'munsi sayenera kugundana. Amakumana potafuna ndi pomeza basi, mphindi zochepa patsiku. Wokukuta kapena wolumanitsa mano amagwiritsa minofuyi ntchito yosapuma, ngati ng'ombe yosamasulidwa pagoli. Mapeto ake ndi kuwawa kwa masaya, litsipa, kulira kwa nsagwada poyasamula, ndi mano operepeseka nsonga.

Kusokoneza ululuwu ndi matenda a khutu sikunayambe lero. Mu 1934 dokotala wa makutu wa ku St. Louis, ku America, James Costen, analemba za odwala amene ankadandaula khutu pamene vuto linali polumikizira nsagwada.

Koma mlandu wonse usagwere kukukuta kwa usiku. Mu 2012 gulu lotsogozedwa ndi Karen Raphael ku New York linagoneka amayi m'chipinda choyezera tulo, ena odwala nsagwada, ena abwinobwino. Makina anaonetsa kuti odwalawo sankakukuta kuposa anzawo, ngakhale ambiri mwa iwo ankakhulupirira kuti amatero. Alipo okukuta moyo wawo wonse osamva ululu. Chimene madokotala ambiri akuchiyang'ana kwambiri masiku ano ndi kulumanitsa mano masana, mwakachetechete, munthu ali maso.

Zimenezo ndiye kuno n'zosasowa. Dalaivala wa lole yochokera ku Beira, amene wakhala pa mzere kudikira mapepala kuti awolokere ku Chanida, nsagwada zimakhala zili gwa. Chimodzimodzi mnyamata wokankha njinga ya matumba a chimanga pachitunda, kapena mlimi wa fodya wowerengera ngongole ya feteleza msika usanatsegulidwe. Nkhawa ndi kusowa tulo zimalimbitsa minofu imeneyi. Kusuta fodya, kumwa kachasu ndi khofi wambiri madzulo kumawonjezera kukukuta kwa usiku. Amayi, makamaka a zaka zapakati pa 20 ndi 40, ndiwo amadwala nsagwada kuposa abambo.

Za ana n'zina. Mwana akamakukuta mano kutulo, agogo amati ali ndi njoka za m'mimba. Njoka ana ambiri ali nazodi, ndipo kulandira mankhwala ake kuchipatala n'kwabwino, koma kukukuta pakokha si umboni wa njoka. Ana ambiri amasiya okha akamakula.

Chosangalatsa n'chakuti ululu wa mtundu umenewu kawirikawiri umatha popanda opaleshoni, popandanso kuzula kanthu. Nsagwada imafuna kupuma monga bondo lobinya. Kwa milungu iwiri kapena itatu wodwala aleke nzimbe, chimanga chokazinga, nyama yofutsa ndi chingamu. Adye phala, nsima yofewa, mbatata yophika, maungu. Khalidwe lotsegula botolo ndi mano, limene anyamata amadzitama nalo pa bawo, lithe. Nsalu yoviika m'madzi ofunda, yoika patsaya kwa mphindi 15 m'mawa ndi madzulo, imamasula minofu. Poyasamula achirikize chibwano ndi dzanja. Masana azidzifunsa kuti mano ali bwanji: milomo itseke, mano alekane, lilime ligone kumwamba kwa kamwa. Paracetamol amathandiza, ibuprofen amathandizanso, koma mayi woyembekezera ndi wodwala zilonda za m'mimba asamwe asanafunse anamwino. Madokotala a mano amapanganso kapulasitiki kovala m'kamwa pogona. Kameneka kamateteza mano kuti asathe, ngakhale sikaletsa kukukutako.

Ululu wa dzino umasiyana ndi wa nsagwada. Dzino lobooka limabaya likakhudzidwa ndi madzi ozizira kapena tiyi wotentha, ndipo munthu amatha kuliloza ndi chala. Ululu wa minofu umamwazika tsaya lonse mpaka kumutu, umakula potafuna kapena posindikiza tsayalo. Wosaloza dzino lenileni asalole kuzulidwa mwa kungoganizira.

Pali zizindikiro zimene sizidikira nsalu yofunda. Munthu wabwinobwino amalowetsa zala zitatu zosanjikiza pakati pa mano akutsogolo. Ngati pakamwa pakukanika kutseguka, tsaya latupa, thupi likutentha ndipo kumeza kukuvuta, amenewo angakhale mafinya ochokera ku dzino, ndipo amatha kutseka njira ya mpweya. Choopsa china ndi kafumbata. Wobaidwa ndi khasu, msomali kapena chitsa kumunda, n'kuona nsagwada zikuuma patapita masiku 3 mpaka 21, khosi ndi msana zikukokana, anyamulidwe tsiku lomwelo. Kafumbata amayamba ndi nsagwada, ndipo amapha. Nsagwada ikaguluka poyasamula, pakamwa n'kukanika kutseka, achibale asaimenye kuti ibwerere. Azaumoyo amadziwa kagwiridwe kake.

Vuto la anthu a boma la Chifunde ndi mtunda. Poyambira ndi pa Centro de Saúde yapafupi, pamene anamwino angasiyanitse dzino, khutu ndi nsagwada, n'kupereka kalata yopita nayo patsogolo. Chigawo cha mano ndi kamwa, chimene pa Chipwitikizi amati Estomatologia, chilipo pa Hospital Provincial de Tete, ulendo wautali pa msewu wa N9. Kutsidya kwa malire, chipatala cha St Francis ku Katete chili pafupi kuposa Tete, ndipo wofuna kupitako akonzeretu mapepala owolokera. Kulikonse kumene wodwala angapite, atengane ndi amene amagona naye nyumba imodzi, chifukwa funso lakuti kodi amakukuta mano usiku angaliyankhe ndi iyeyo.