Foni yanu idziwa pizza, nanga vinkubala?

Mnzanga wina ku Chawama anajambula mbale ya vinkubala pa app ija yozindikira zithunzi. Yankho? Soseji. Tinaseka maningi, koma nkhaniyi ili na mbali ina yosaseketsa.

Makinawa sabadwa odziwa. Amaphunzira poona zithunzi zambirimbiri zolembedwa maina: uyu galu, iyi njinga. Nkhokwe yotchuka ya zithunzi zotere ndi ImageNet, imene Fei-Fei Li ndi anzake anatulutsa mu 2009, ndipo ili ndi zithunzi zoposa 14 miliyoni. Pa magulu 1,000 amene akatswiri amayeserapo makina, oposa 100 ndi mitundu ya agalu chabe. Pizza ilimo. Chikanda, kapenta, vinkubala, palibe.

Ngakhale chinthu chilimo, ngati zithunzi zake n'zochepa, makina amachita ngati mwana wa Grade 7 amene wazindikira kuti yankho kawirikawiri ndi B. Amangolemba B paliponse, mamakisi n'kumaoneka bwino, koma mutu mulibe kanthu.

Manje apa m'pamene pavuta. Mu 2018 Joy Buolamwini wa ku MIT ndi Timnit Gebru anayesa mapulogalamu atatu ouza ngati nkhope ndi ya mwamuna kapena mkazi. Pa amuna oyera khungu, kulakwa sikunafike 1%. Pa akazi akuda, kunafika 34.7%. Ganizani ba sisi anu akufuna kutsegula akaunti pa foni ndi selfie, makina n'kumawakana.

Akatswiri ali ndi njira zokonzera. Chithunzi chimodzi amachitembenuza, kuchidula, kuchidetsa kapena kuchiwalitsa kuti chibale zina khumi. Pophunzitsa, amaika chilango chachikulu makina akalakwa pa gulu la zithunzi zochepa, kuti aleke ulesi uja wa B. Ena amatenga makina ophunzira kale n'kuwaonjezera maphunziro ndi zithunzi za kwathu, zomwe sizidya ndalama zambiri.

Koma kwa ine, zonsezi n'zigamba ngati palibe wopita kukajambula. App ya Nuru, ya PlantVillage, imazindikira matenda a chinangwa ngakhale popanda intaneti, chifukwa anaiphunzitsa ndi masamba ojambulidwa m'minda ya ku Tanzania. Wina anayenda padzuwa, wina anakhala pansi n'kulemba dzina pa chithunzi chilichonse.

Mnzanga uja manje ayamba kujambula ndiwo zonse za pa Soweto Market. Azimayi ogulitsa akuti agule kaye.