Cifukwa Cake Njanji Imatitimira ndi M'mene Anchito Amaisungira Yolingana

Aphunzitsi ndi ana a sukulu nonse, phunziro lathu la lero likunena za miyala. Inu amene mukhala m'mbali mwa njanji ku Livingstone, Choma, Kafue, Kabwe, Ndola kapena Mpika mwaiona kawirikawiri miyala yophwanyaphwanya imene inathiridwa pansi pa njanji, ndipo anzanu a Kum'mawa anayamba kuiona pamene njanji yocokera ku Mchinji kufika ku Chipata inatsegulidwa mu 2010. Anthu ambiri amayesa kuti miyalayo inangotsala pamene anchito anamaliza kumanga. Iai, sitero. Miyalayo ndiyo imanyamula sitima, ndipo mbali yaikulu ya ndalama zokonzera njira ya sitima imathera pa kuisamala.

Tiyambe taona m'mene njira ya sitima inapangidwira. Pamwamba pali zitsulo ziwiri zazitali, ndizo njanji zenizeni. Kuno ku Zambia mpata wa pakati pa zitsulozo ndi mamilimita 1,067, ndipo ndi cimodzimodzi pa njanji yakale imene inafika ku Kabwe mu 1906 ndi pa njanji ya TAZARA imene inamalizidwa mu 1975. Zitsulozo zinamangiriridwa pa mitanda yogona copingasa, imene anchito amaicha masilipa. Ena ndi a mtengo, ena a citsulo, ena a konkire. Masilipawo ndiwo akhala pa miyala, ndipo miyalayo anchito amaicha balasiti. Pa njanji yomangidwa bwino, miyala ya pansi pa silipa imazama masentimita 25 kapena 30.

Tsono tiyerekeze kuti bogi limodzi lodzaza ndi mkuwa likulemera matani 60, ndipo liri ndi mawilo asanu ndi atatu. Mukagawa mudzapeza kuti wilo lirilonse lanyamula matani 7.5. Malo amene wilolo likhudza njanji ndi ocepa ngati kandalama kacitsulo. Kulemera kotere kukadati kufike pa dothi pa malo ocepa comweco, wilo likadalowa pansi monga khasu lilowa m'munda wonyowa. Koma citsulo cimagawira kulemerako masilipa angapo, silipa lirilonse limagawira miyala yambiri, ndipo miyalayo imakumwaza pa dothi lalikulu, kotero kuti pofika pansi kulemerako kwacepa mokwanira kuti dothi likupirire.

Miyala yake siingotengedwa pena paliponse. Miyala ya kumtsinje ndi yosalala ndi yobulungira, ndipo mukaiponda imatererana. Ya pa njanji amaiphwanya dala ndi makina kucokera ku thanthwe lolimba kuti ikhale ya nsonga ndi ngondya, yaikulu ngati dzira la nkhuku kapena kucepera pang'ono. Ngondyazo zimakolana, mwala uwu kugwira unzake, ndipo muluwo sumwazika. Pakati pa miyalayo pamatsala timipata momwe madzi a mvula amadzera kupita ku ngalande.

Komabe ngakhale miyala yabwino kwambiri imatitimira. Munaonapo munthu akugula cimanga pa msika? Wogulitsa amadzaza tini mpaka pakamwa, koma wogula wocenjera amaigwedeza, ndipo cimanga cija cimatsika ngakhale kuti palibe njere imene yacotsedwa. Njere zangopeza pokhala bwino. Sitima iriyonse yodutsa imagwedeza miyala ya pa njanji motero. M'miyezi yoyamba itathiridwa imatsika msanga. Pambuyo pake imatsika pang'onopang'ono, cifukwa ngondya zake zimathyoka ndi kunyenyeka, ndipo ina imalowa m'dothi la pansi. Palibe katswiri amene angaletse zimenezi.

Apa ndipo pagona nkhani yathu, ndipo ndifuna kuti mumvetse bwino. Njanji yonse ikadatsika pamodzi molingana, kunena kuti sentimita imodzi kucokera ku Lusaka kufika ku Kafue, sipakadakhala bvuto, ndipo woyendetsa sitima sakadadziwa n'komwe. Bvuto n'lakuti imatsika mosalingana. Pena dothi la pansi ndi lolimba, pena ndi la m'dambo. Pena miyala inatsenderedwa bwino, pena ai. Motero silipa limodzi limapezeka kuti miyala yalithawa kunsi, koma poti njanji ndi citsulo colimba, imaligwira m'mwamba, ndipo limangolendewera, osakhala pa kanthu. Munthu woyang'ana ndi maso pamene palibe sitima sangaone cacilendo. Koma wilo likafika, silipa lija limagwa pa miyala mwamphamvu ngati nyundo, wilo likapita limadzukanso, ndipo sitima ya mabogi 30 imalimenyetsa pansi kopitirira ka 100. Miyala ya pamenepo imaphwanyika msanga, mpata umakula, ndipo masilipa oyandikana nalo, amene tsopano anyamula katundu wa mnzawo pamwamba pa wao, amayambanso kutitimira. Kadzenje kakang'ono ka pa mseu kamakula motero: galimoto iriyonse yogundamo imakakulitsa, ndipo kakakula magalimoto amagundamo kolimba kuposa kale.

Anchito a njanji amadziwa malo amene bvutoli limakonda. Oyamba ndi polumikizira zitsulo ziwiri ndi mabauti, pamene pamamveka phokoso lija mumalimva m'sitima ngati ng'oma. Wilo lirilonse limadumpha kampata ka pamenepo ndi kumenya silipa la kutsogolo. Ena ndi polowera pa ulalo. Ulalo wa njanji wa pa mtsinje wa Kafue unamangidwa mu 1906 pa nsanamira zolimba, ndipo nsanamira zotere sizitsika monga umatsikira mtumbira wa dothi ndi miyala wofikira pa ulalo. Kotero pamene ziwirizi zikomana pamabadwa kacitunda kamene mawilo amagunda. N'cimodzimodzinso pamene mseu udutsa njanji.

Koma mdani wamkulu ndi madzi. Fumbi la miyala yonyenyeka, dothi louluka ndi mphepo, ndi zotayika kucokera m'mabogi zimatseka timipata tija. Mvula ikagwa, madzi amasowa kolowera ndipo amakhala pansi pa silipa. Silipa lolendewera likamakwera ndi kutsika limakhala ngati mpope, kukoka matope a pansi kuwakweza m'miyala. Mukaona masilipa opakika matope otuwa kapena ofiira pamene anzake ali oyera, dziwani kuti pamenepo njanji ikudwala. Miyala yosakanizika ndi matope siikolananso, imangoterera.

Coopsa ceniceni cimadza pamene njanji imodzi yatsika kuposa inzake pa kamtunda kakafupi. Bogi liri ngati tebulo loikidwa pa malo osalingana: mwendo umodzi umatsala m'mwamba. Wilo lopepukidwa motero likhoza kukwera pamwamba pa njanji, ndipo sitima imagwa, anthu kupweteka, katundu kuonongeka, njira kutsekeka masiku angapo. Pofuna kupewa ngozi, akuluakulu a njanji amalamula kuti sitima ziziyenda pang'onopang'ono pa malo odwala, ndipo malo otere akaculuka, ulendo wa tsiku limodzi umatenga masiku awiri. Njanji ya ku Mulobezi, imene inamangidwa kuti izinyamula mitengo ya mukusi kupita ku Livingstone, inadziwika kwa zaka zambiri cifukwa ca sitima zake zocedwa kwambiri, ndipo cifukwa cacikulu cinali kufooka kwa njira yake. Ndinenepo pano kuti kulingana kwa njanji sikutanthauza kuti zitsulo ziwirizo zikhale pa msinkhu umodzi ponseponse. Pokhota, citsulo ca kunja amacikweza dala kuti sitima ipendekere m'kati, monga inu mumapendekera pokhota ndi njinga. Cofunika n'cakuti msinkhuwo ukhale umene akatswiri anayesa, ndipo uzisintha pang'onopang'ono.

Nanga anchito amacita ciani? Njira yakale ndi ya manja. Kapitao amagwada, kuika tsaya pafupi ndi citsulo, n'kuyang'ana kutali kuti aone pamene pagwa. Amayesanso ndi levulo kuti adziwe citsulo cimene catsika. Anyamata ake amaika majeke, kukweza njanji kufika pa msinkhu wake, kenaka amakhomerera miyala pansi pa silipa lirilonse ndi mapiki. Ndi nchito yowawa, ya padzuwa. Ngati titenga masilipa 1,500 pa kilomita imodzi, werengani nokha kuti alipo angati pa makilomita 1,860 a TAZARA kucokera ku Kapiri Mposhi kufika ku Dar es Salaam.

Masiku ano pali makina oyenda pa njanji amene amacita nchitoyi msanga. Ambiri a iwo amapangidwa ndi kampani ya ku Austria yochedwa Plasser & Theurer, imene inayamba mu 1953. Makinawo amayesa njanji, amaikweza, ndipo amalowetsa zala zacitsulo zonjenjemera m'miyala ndi kuikankhira pansi pa silipa. Koma mankhwala amenewa ali ndi kuipa kwake. Zala zija zimaphwanyako miyala nthawi iriyonse, ndiponso zimasokoneza miyala imene inali itakhazikika kale, monga munthu wobvundula cimanga ca m'tini cija. Sitima zikayambanso kudutsa, miyalayo imatsikanso, ndipo kawirikawiri njanji imabwerera ku maonekedwe ake akale, kugwa pomwe paja inagwa poyamba. Akatswiri amati miyala imakumbukira. Kotero njanji yokonzedwa kawirikawiri motere miyala yake imakalamba msanga, ndipo tsiku limadza lofunika kuikumba yonse, kuisefa ndi kuthira yatsopano, nchito yodula kuposa zonse.

N'cifukwa cake anthu anafunafuna njira zokwezera njanji popanda kubvundula miyala yokhazikika. Ku France ndi ku Britain anchito a manja anali ndi njira yoti ayese mpata wa pansi pa silipa, akweze njanji, ndi kuthiramo timiyala ting'onoting'ono ta muyeso wokwanira kudzaza mpatawo. Pambuyo pake ku Britain anapanga makina ouzira timiyalato pansi pa silipa ndi mphamvu ya mpweya, ndipo njanji yokonzedwa motero imakhalitsa isanagwenso. Ena amalumikiza zitsulo mwa kuziwocherera kuti pasakhale kampata kodumpha mawilo. Ena amamata mphira kunsi kwa masilipa a konkire kuti miyala isaphwanyike, kapena amayala ukonde wolimba wa pulasitiki pansi pa miyala kuti isamwazike. Akatswiri a ku Japan ndi a ku Ulaya ayesanso masilipa odzidzazira okha mpata: miyala ikatsika, mbali ya kunsi ya silipa imatsika nayo, timiyala kapena tizitsulo ta m'kati mwake timagwera mu mpata umene watseguka, ndipo njanji imatsala pa msinkhu wake. Zotere amaziyesa makamaka polowera pa maulalo. Ku Japan komweko, pa njira zambiri za sitima zothamanga zomangidwa kuyambira zaka za m'ma 1970, anacotseratu miyala n'kugoneka njanji pa konkire. Njirayo siifuna kukonza kawirikawiri, koma kuimanga kumadya ndalama zambiri zedi.

Ine ndiyesa kuti kwa dziko ngati lathu, la njanji zazitali ndi mvula yamphamvu ya Disembala mpaka Malichi, zinthu zochipa ndizo zimapulumutsa ndalama zambiri: ngalande zotseguka mvula isanayambe, miyala yokwanira ndi yoyera, ndi munthu woyendera njanji amene aona silipa limodzi lolendewera lisanadwalitse anzake khumi. Kukonza silipa limodzi ndi nchito ya anthu owerengeka m'mawa umodzi.

Pamenepa inunso muli ndi mbali yanu. Anthu ena amatola miyala ya pa njanji kukamangira nyumba, ena amalima mpaka m'mbali mwenimweni mwa mtumbira kapena kutaya zinyalala m'ngalande, ndipo ng'ombe ndi anthu odutsa pa malo osaloledwa amagumula miyala ya m'mphepete. Miyala ya m'mphepeteyo, younjikidwa ku mapeto a masilipa, ndiyo imagwira njanji kuti isasunthire m'mbali. M'mwezi wa Okutobala citsulo cimatentha ndi kufuna kutalika, ndipo pamene miyala yacepa njanji ikhoza kupindika ngati njoka. Mukaona malo a matope kapena miyala yokokoloka, uzani aphunzitsi kapena makolo kuti akauze a pa siteshoni. Musapite kukayang'anitsitsa nokha, pakuti sitima yolemera siingaime pafupi ngakhale woyendetsa wakuonani.

Aphunzitsi, mukatha kuwerenga phunziroli yesani izi ndi ana anu pa bwalo la sukulu, kutali ndi njanji. Tengani mabeseni awiri; m'limodzi thirani timiyala tosalala ta kumtsinje, m'linalo timiyala tophwanya tomangira, ndipo musatenge ta pa njanji. Gonekani kathabwa pamwamba pa beseni lirilonse, mwana atsindike ndi dzanja ka 50, ndipo ayese ndi rula kuti kathabwa katsika mamilimita angati. Kenaka thirani dothi ndi madzi m'beseni la timiyala tophwanya, atsindikenso ka 50, ndipo ana alembe m'mabuku ao manambala atatuwo ndi mtundu wa madzi amene atuluka m'mbali mwa kathabwa.