Khonde la anthu ogona m'galimoto ku Furancungo

Nyengo yogula mbewu ikafika, kuyambira cha mu Epulo mpaka Ogasiti, ku Furancungo kumachuluka anthu amene nyumba yawo ili pa matayala. Ena adzagula chimanga ndi nyemba. Ena akudikira mabelo a fodya oti apite nawo kufakitale ya Mozambique Leaf Tobacco mumzinda wa Tete. Enanso ndi a paulendo wa ku Tsangano kokatenga mbatatesi. Katundu sadzaza lole tsiku limodzi, choncho galimoto imaima pambali pa msika masiku angapo, dalaivala akugona m'kebini, anyamata ake pamwamba pa matumba. Kukacha pamafunika pokhala, pophikira, poyikapo sikelo ndi powerengera ndalama. Apa m'pamene lona limatuluka: mbali imodzi kulimangirira kubodi ya lole, mbali inayo kuliimika pa nsungwi ziwiri, khonde latha.

Alendo oona malo amene amachokera ku South Africa pa magalimoto ogonamo, kudzera ku Cuchamano ndi kuwoloka Zambezi pa Tete, nawonso amayenda ndi khonde lawo. Lawo limakhala lokulungidwa m'chikwama kapena m'bokosi lalitali lomangidwa padenga. Lina, monga la Fiamma ya ku Italy, limatambasuka munthu akamapukusa chogwirira. Lina, monga la Alu-Cab ya ku Cape Town, limazungulira mbali imodzi ya galimoto mpaka kumbuyo. Ambiri mwa alendowa amalunjika kuchipata cha m'malire cha Zóbue kapena cha Calómue, ndipo okhotera kuno ku Furancungo, m'boma la Macanga, ndi owerengeka. Koma amene wafika kuno amakumana ndi adani omwewo amene amavutitsa wogula nyemba, ndiwo mphepo ndi madzi.

Cholakwika chofala pogula n'chakuti munthu amaganiza za dzuwa lokha. Wachokera ku Tete, mzinda wotentha koposa m'Mozambique, ndiye m'mutu mwake muli mthunzi basi, ndipo amasankha lona lalikulu kuposa onse pa mtengo wotsika. Koma Furancungo ali pamtunda wopitirira mamita 1,000, ndipo Tsangano ali pamwamba kuposa apo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi chimene chimasowetsa mtendere si dzuwa, koma mphepo ya mwera imene imaomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa, nthawi zina ili ndi kamvula kowaza. Mphamvu imene mphepo imakankhira chinthu imakwera kanayi liwiro lake likangowirikiza kawiri, ndipo lona likakula ndiye kuti malo oti mphepo igwire akulanso. Limene linali phee m'mawa likhoza kuzula zikhomo masana, nsungwi n'kugwera pagalasi la kebini.

Madzi nawo ali ndi masamu ake. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pamalo a mita imodzi mbali zonse, imapereka lita imodzi, ndipo lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi. Lona la mamita 4 kwa 5 likalandira mvula ya mamilimita 30, imene si yachilendo kuno mu Januwale, pamadutsa malita 600. Ngati lamangidwa mosapendekeka, madziwo sadutsa. Amakumba chithaphwi pakati, chithaphwicho chimakoka lona, lona likatsika chimakulirakulira mpaka china chake chiduke. Khonde la mlendo la mikono ya aluminiyamu limafanso imfa yomweyi, kusiyana kwake n'kwakuti mkono wake ukapindika, wina akautenga ku South Africa. N'chifukwa chake ozolowera amadula nsungwi imodzi kuti ifupike kuposa inzake, madzi azithamangira kungodya imodzi. Pangodyapo amatchera ndowa, ndiye kuti otsukira mbale apezeka.

Anthu a kuno sanaphunzire za malona m'sitolo. Pa nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ndipo ambiri a ku Macanga, Tsangano ndi Angónia anakakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu. Mu 2016 ena anathawiranso ku Kapise m'boma la Mwanza. Amene anagonapo pansi pa lona la bungwe loona za othawa kwawo la UNHCR amadziwa kusiyanitsa pulasitiki. Lona la mabungwe othandiza anthu la masiku ano limalukidwa ndi ulusi wakuda wa pulasitiki, n'kumatidwa zoyera mbali zonse ziwiri. Choyeracho chimabweza dzuwa, chakudacho chimatseka kuwala, ndipo mita imodzi mbali zonse imalemera pafupifupi magalamu 190. Malona abuluu otchipa amene ali mbwee m'misika ya m'malire, monga ku Lizulu, nthawi zambiri safika ngakhale theka la pamenepo. Kuyesa kwake n'kosavuta: kwezani ngodya imodzi kudzuwa. Mukaona kuwala kukudutsa m'timipata ta ulusi, dziwani kuti dzuwa lomwelo lilifumbutsa pasanathe nyengo ziwiri, ndipo pokhala pansi pake mudzapsa ndithu.

Pamwamba pa onse pali lona lenileni la lole, la PVC, lolemera kuposa theka la kilogalamu pa mita imodzi mbali zonse. Silidontha, silichita phokoso kwambiri, ndipo likang'ambika limamatika. Vuto lake n'lakuti munthu mmodzi sangalikweze, komanso ntchito yake ndi kufunda katundu. Dalaivala amene walisandutsa khonde amathamanga kawiri mitambo ikada, kuligwetsa kaye kenako kulikokera pamatumba, chimanga chili kunyowa. Lona la nsalu yokhuthala, limene alendo amakonda, limazizira bwino masana chifukwa limapuma, koma likapindidwa lonyowa limachita nkhungu m'masiku ochepa, fungo lake osatha.

Kwa ine, funso loyamba pogula si kukula kapena mtundu. Ndi lakuti, kodi munthu mmodzi angaligwetse yekha, mumdima, mphepo itayamba? Lachiwiri ndi lakuti, likawonongeka lingakonzedwe pa Furancungo pomwe? Pa mafunso awiriwa lona laling'ono lolimba, la mamita 3 kwa 4, limapambana lalikulu lopyapyala, ndipo nthawi zina limapambananso khonde lodula la padenga. Msewu wa fumbi umamasula mabawuti, ndipo chinthu cholemera chomangidwa mbali imodzi ya denga chimagwedezeka ulendo wonse. Wodzera njira ya ku Dómue kupita ku Ulóngue ayenera kumakhala ndi sipanala pafupi.

Lona siliyamba kufa pakati. Limayamba pa timphete tachitsulo ta m'mphepete, pamene chingwe chimakoka. Taonani mmene anyamata a pa lole amachitira kamphete kakazuka. Amatola kamwala kosalala kokula ngati dzira la nkhunda, kukaika mkati mwa ngodya, kukakulunga ndi lonalo, n'kumanga chingwe pakhosi pake. Mfundo imeneyi imagwira kuposa kamphete ka kufakitale, moti ena amamanga choncho lona likadali latsopano. Pakati pa chingwe ndi chikhomo amalumikizapo mphira yodula kuchubu chakutha, kuti mphepo ikakoka, mphirayo itamuke m'malo moti lona ling'ambike. Zikhomo za pulasitiki zimene zimabwera ndi makhonde ogula sizilowa m'nthaka youma ya mu Ogasiti, ndipo m'matope a mu Febuluwale zimazuka zokha. Chidutswa cha chitsulo chomangira nyumba, chokhomedwa mopendamira kutali ndi galimoto, chimagwira nyengo zonse ziwiri. Pamalo osakhomeka, thumba la chimanga la makilogalamu 50 kapena tayala la sipeya limakwanira.

Kaimikidwe ka galimoto n'kofunika ngati lona lenilenilo. M'nyengo ya mwera lole iime mopingasa mphepo, khonde likhale mbali yobisika, ya kumpoto chakumadzulo. Dzuwa la madzulo lidzalowa ndithu, koma mu Julayi palibe amene angadandaule nalo.

Ngozi yaikulu imabwera ndi kuzizira komweko. Usiku anthu amatchinga mbali zonse ndi matumba ndi mapepala a pulasitiki, n'kulowetsa mbaula. Makala amatulutsa mpweya wa poizoni wopanda fungo kapena mtundu, ndipo wogona samva kanthu, amangopitirira. Mbaula ikhale panja, kapena mbali imodzi ikhale yotsegula kotheratu, ndipo isalowe m'kebini ngakhale kuzizire bwanji. Isayandikirenso thanki ya dizilo, chifukwa khonde la pa lole nthawi zambiri limamangidwa pamwamba pa thankiyo.

Lona likayamba kudontha silitayidwa. Wamalonda amasiyira mlimi amene wamugulitsa mbewu, nthawi zina posinthana ndi ndowa ya nyemba, ndipo mlimiyo amaliyala pabwalo poyanikira chimanga ndi popunthira nyemba, kapena amafunda nalo denga la chigafa cha fodya mvula ikafulumira.