Makauboyi ndi zigawenga za pa kanema zagawanitsa amalonda ku Karonga

Ukafuna kuyambanitsa anthu pa msika wa Karonga usavutike n'kutchula Bullets ndi Wanderers kapena zipani za ndale. Ingofunsa kuti kodi Walter White anali bambo wosamala banja kapena chigawenga, basi waputa mavu. Wogulitsa mpunga asiya mbale yoyezera, wa kaunjika asiya belo losamasula, ndipo mkanganowo utha kufika dzuwa litapendeka, kasitomala ali chiimire kudikira chenje.

Walter White ameneyu si wa ku Kaporo kapena ku Chilumba ayi. Ndi munthu wa m'sewero la pa kanema la ku America lotchedwa Breaking Bad. Iye pamodzi ndi John Dutton wa mu Yellowstone ndi Raylan Givens wa mu Justified alowa m'kamwa mwa amalonda ngati anthu a m'mudzi momwemo. Ndakhala masabata angapo ndikuzungulira pa boma, pa Uliwa ndi pa chipata cha Songwe kumvetsera zomwe oonera amakamba gawo likatha, ndipo ndaona kuti akamakangana za azungu amenewa, kwenikweni amakhala akuweruza milandu ya kwawo konkuno.

Achinyamata mwina sadziwa kuti nthawi ya Kamuzu Banda dziko lino linalibe wailesi ya kanema. Television Malawi inayamba mu 1999. Komatu makauboyi anafika kale kwambiri. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 eni migodi ya kopa ku Northern Rhodesia ankaonetsa mafilimu a makauboyi m'makomboni, ndipo oonera ankangomutcha sitelingi aliyense kuti Jack. Amuna ambiri a kumpoto kuno anagwirako ntchito kumeneko, n'kubwerera ndi chipewa chachikulu ndi nkhani za Jack. Kenaka kunabwera timanyumba ta vidiyo ta mabenchi ndi jenereta, ndiye madishi. Lero wopanda dishi amangopereka fulashi kapena memole khadi kwa mnyamata wobena mafilimu, n'kutenga sizoni yonse kukaonera pa foni kuseri kwa benchi lake. Chizungu chikavuta, sipasowa wa Fomu 4 womasulira m'Kyangonde, m'Chitumbuka kapena m'Chichewa, ndipo mchere ndi tsabola amathira yekha.

Tiyambe ndi Walter. Breaking Bad inaonetsedwa pa kanema wa AMC kuyambira 2008 mpaka 2013, magawo 62. Walter ndi mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ya sekondale mu mzinda wa Albuquerque. Malipiro ndi osakwanira moti akaweruka amakagwira ganyu kotsukira magalimoto. Adokotala atamupeza ndi khansa ya m'mapapo, akuganiza zopanga mankhwala ozunguza bongo mothandizana ndi Jesse Pinkman, yemwe anali mwana wake wa sukulu, ati kuti akamwalira banja lisavutike.

Magawo oyambirira amuna ambiri pa msika amakhala mbali yake. Bambo wina wa hadiweya anandiuza kuti aliyense amene anadwazikapo mwana ku chipatala m'thumba mulibe kanthu, kapena amene anatengapo katapila kuti apikule katundu ku Kyela, sangamuloze chala Walter. Koma pali gawo lina m'sizoni yachiwiri lomwe limachepetsa omuikira kumbuyo. Jane, chibwenzi cha Jesse, akutsamwa ali m'tulo atabaya mankhwala, Walter ali pomwepo, ndipo akungomuyang'ana mpaka kutsirizika chifukwa mtsikanayo ankamusokonezera malonda. Tsiku lomwe ndinaonera gawoli m'kanyumba kena ka vidiyo, anthu omwe amakonda kukuwa kuti "Mmenye! Mmenye!" anangoti zii, wina n'kutuluka osadikira kuti lithe.

Mkangano weniweni uli pa mkazi wake, Skyler. Anyamata a kabaza ndi ena ogulitsa mafoni amadana naye koopsa, ati ndi mkazi wolongolola wosayamika thukuta la mwamuna. Amayi a usipa ndi a mpunga zimenezo safuna n'kumva komwe. Mayi wina yemwe amapikula mpunga wa Kilombero ku Hara anandifunsa ngati ineyo ndingagone tulo mwamuna wa mchemwali wanga atayamba kubwera usiku ndi zikwama za ndalama zosadziwika kochokera. Iye anati amayi a pa msika amadziwa bwino kuti mwamuna akalowa malonda a mdima, apolisi akabwera amapeza mkazi ndi ana pakhomo, mwini wake atathawa. Mnzake wa pa benchi loyandikana anawonjeza kuti nayenso Skyler si woyera, poti pamapeto pake anavomera kubisa ndalamazo mu bizinesi yotsuka magalimoto, ndipo apo mpamene anadzimangirira yekha chingwe.

Mkanganowu si wa ku Karonga kokha. Ku America chidani pa Skyler chinakula mpaka Anna Gunn, mayi amene ankasewera mbali imeneyi, analemba nkhani mu nyuzipepala ya New York Times mu 2013 kudandaula kuti ena afika pomuda iye mwini ngati munthu. Koma olemba seweroli anawapatsa amayi a usipa chigamulo. Mlamu wake wa Walter, wapolisi Hank, akuphedwa ndi zigawenga zomwe Walter yemweyo anaziitana, banja likupasuka, ndipo m'gawo lomaliza la pa 29 September 2013, lomwe anthu oposa 10 miliyoni anaonera ku America usiku umenewo, Walter akuvomera pamaso pa mkazi wake kuti zonsezo ankachitira mtima wake, osati ana. Amuna ena pa msika mpaka lero amati pamenepo olemba analakwitsa.

Yellowstone ndiye imakoka akuluakulu, ngakhale amene sakonda kanema. Chifukwa chake n'chosabisika: muli ng'ombe ndi malo. Kuno ng'ombe ndi banki, ndi malowolo, ndi yolimira m'munda wa mpunga, ndi yokoka ngolo. Seweroli, lomwe linayamba mu 2018 n'kutha mu December 2024, likukamba za John Dutton, yemwe amasewera ndi Kevin Costner, mwini famu yaikulu ya ng'ombe ku Montana. Gawo loyamba lenilenilo ng'ombe zake zapezeka m'dera la Amwenye ofiira, eni nthaka akale a dzikolo, ndipo pokazilanda usiku mwana wake wamkulu Lee akuphedwa.

Bambo wina wa butchala anapukusa mutu n'kunena kuti nkhani imeneyo kuno ikanathera pa bwalo la a gulupu, mwini ng'ombe n'kulipira, ikakula n'kukwera mpaka kwa a Kyungu, popanda maliro. Koma mnzake anamukumbutsa kuti nkhani za ng'ombe zobedwa n'kuolotsedwa Songwe usiku si zachilendo, ndipo amene anadzukapo m'mawa n'kupeza khola lili pululu amamvetsa chomwe chimamuyendetsa Dutton ndi mfuti. Pamene ambiri amasiyana naye ndi pa khalidwe lake losindikiza antchito chizindikiro cha moto pachifuwa ngati ng'ombe, ndi kutaya mitembo ya adani kuphompho. Mkulu wina wa ku Mpata anati dera lino linaona kale anthu akusandutsidwa katundu nthawi ya Mlozi, yemwe anapachikidwa mu 1895, ndiye za kusindikiza munthu sangaziombere m'manja.

Mathero ake anagawanso anthu. Costner atasiya seweroli, olemba anamupha John Dutton, ndipo ana ake, polephera msonkho wa chuma cha masiye, anagulitsa famuyo kwa mfumu Thomas Rainwater ndi anthu ake pa mtengo wa dola imodzi ndi masenti 25 pa ekala. Ena pa msika anati ana aja ndi zitsiru zotaya thukuta la makolo. Ena anati malo abwerera kwa eni ake, poti makolo a Dutton anawapeza anthu ali kale pamenepo. Ndinaona kuti amene ali ndi mlandu wa munda kumudzi amasankha mbali molingana ndi mlandu wawowo.

Justified, ya pa kanema wa FX kuyambira 2010 mpaka 2015, siinafale ngati ziwiri zija, koma amene anaionera saiiwala chifukwa ikuchitikira ku Harlan, dera la migodi ya malasha ku Kentucky. Wapolisi Raylan ndi chigawenga Boyd Crowder anakumbira limodzi malasha ali anyamata. Karonga naye ndi dera la migodi: malasha alipo, ndipo mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera unatsegulidwa mu 2009, n'kuima mu 2014 mitengo itagwa pa msika wa dziko lonse, kenaka n'kuyambanso mu 2025 pansi pa eni atsopano. Amalonda a pa boma amakumbukira m'mene lendi ndi mitengo zinakwerera mgodi utatsegulidwa, ndi m'mene malonda anazizirira utaima.

N'chifukwa chake sizoni yachiwiri imawakhudza. Mayi Mags Bennett, mwini golosale komanso mkulu wa banja lolima chamba, akuimirira pa msonkhano wa mudzi n'kuilalatira kampani ya malasha yofuna malo, anthu n'kuomba m'manja. Kuseri akugwirizana ndi kampani yomweyo n'kulandira zake. Telala wina anaseka mpaka kugwetsa sizasi, ati mayi ameneyu tonse timamudziwa, amangosintha dzina ndi chitenje. Phunziro lomwe anatolapo iye ndi loti wokuyankhulirani pa msonkhano muzimufunsa kuti pepala lomwe wasaina lili kuti.

Koma pali chinthu chimodzi chomwe chinandisowetsa mtendere. Gawo loyamba la Justified, Raylan akupatsa chigawenga china maola 24 kuti chichoke mu mzinda wa Miami. Nthawi itakwana chigawengacho chikusolola mfuti, iye n'kuchiombera pomwepo. Pamenepa chinyumba chonse chimaimirira ndi chimwemwe, ndipo mawu omwe amatsatira ndi akuti apolisi athu akanamatero, bwenzi akuba atatha pa msika. Dandaulo lake ndi lodziwika kwa wamalonda aliyense: wagwira wakuba, wamupereka ku polisi, mkuja ukumuona akudutsa pa benchi lako akukuyang'ana m'maso.

Mkwiyo umenewo ndi womveka, pakuti mpamba wa munthu ndi moyo wa banja lake. Koma tiyeni tikumbutsane, abale anga. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati womangidwa aonekere ku khoti pasanathe maola 48, ndipo ali ndi ufulu wopempha belo. Belo si kutha kwa mlandu. Milandu yambiri imafa chifukwa wodandaula ndi mboni sapita ku khoti, ati sangatseke benchi tsiku lonse. Ndipo oombera m'manja aja amaiwala kuti ngakhale mu filimumo Raylan anafunsidwa mafunso ndi mabwana ake n'kusamutsidwira ku Kentucky ngati chilango.

Boma lino likudziwa mtengo wa chilungamo cha m'manja. Agogo akhala akumenyedwa, kuotcheredwa nyumba ngakhale kuphedwa powaganizira ufiti, ndipo Episkopi Martin Mtumbuka wa dayosizi ya Karonga wakhala akudzudzula mchitidwewu poyera. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kuloza munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Pa kanema woonera amaona ndi maso ake amene walakwa, chifukwa kamera inali pomwepo. Pa msika timangomva mfuu yoti "Wakuba!", ndipo woyamba kuponya mwala nthawi zambiri sadziwa n'chomwe chabedwa. Wosewera akaomberedwa amadzuka n'kukalandira malipiro ake. Mnyamata wothiridwa petulo pa depoti sadzuka, ndipo omuotchawo mlandu wawo ndi wakupha.

Mafumu a misika ndi makomiti awo atha kuchitapo kanthu pa dandaulo lija. Wamalonda akaberedwa, anzake azimugulitsira pa benchi tsiku la khoti, mboni zizipita, ndipo komiti izitsatira mlandu mpaka chigamulo. Eni timanyumba ta vidiyo nawo adziwe kuti masewero atatu onsewa anapangira akuluakulu, si a mwana wa yunifolomu wothawa sukulu. Za Skyler ndi Walter pitirizani kukangana, amayi ndi abambo, palibe amene amafa nazo. Koma wakuba mukamugwira, manja kumbuyo, ulendo wa ku polisi, ndipo tsiku la mlandu mukapezeke ku khoti.