Dothi Losunga Madzi ndi Vinyo Wofiira wa ku Kanonkop

Munda wa mphesa wa Kanonkop uli m'munsi mwa phiri la Simonsberg, pafupi ndi mzinda wa Stellenbosch ku South Africa. Kumeneko mvula yambiri imagwa m'nyengo yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo mphesa zimakhwima m'chilimwe chouma. Nanga mpesa umapeza kuti madzi pamene mvula yaleka? Yankho lake lili m'nthaka.

Dothi la m'derali linachokera ku miyala ya granite imene inafumbutuka pang'onopang'ono. Ndi lofiira ngati katondo, lozama, ndiponso lili ndi dongo lokwanira kusunga chinyezi popanda madzi kudikha. Mizu imalowa pansi kwambiri ndi kumamwa chinyezi chimenechi m'miyezi yopanda mvula. Popeza madziwo ndi ochepa, mpesa suchita masamba ambiri, ndipo zipatso zimakhala zazing'ono. Ichi n'chofunika chifukwa mtundu ndi mphamvu ya vinyo wofiira zimachokera m'makoko: chipatso chikachepa, makoko amachuluka poyerekeza ndi madzi ake.

Mbeu yodziwika pamundawu ndi Pinotage, imene Pulofesa Abraham Perold anaipanga m'chaka cha 1925 pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut. Mipesa ina inabzalidwa m'chaka cha 1953 ndipo imakula ngati zitsamba, yopanda waya woiyanzika.

Kafulidwe ka vinyo nakonso n'kachikale. Mphesa zofinya zimaikidwa m'mathanki a simenti osavundikira. Zikayamba kuwira, mpweya umakankhira makoko pamwamba, pamene amaundana ndi kutentha. Akasiyidwa choncho amauma, ndipo vinyo angathe kusasa. Pachifukwa ichi antchito amawamiza ndi mitengo maola awiri alionse, usana ndi usiku, kwa masiku angapo. Pambuyo pake vinyo amakhwimira m'migolo ya matabwa a oak ochokera ku France. Luso limeneli linadziwika kunja m'chaka cha 1991, pamene Beyers Truter, amene ankafula vinyo pamundawu, anapatsidwa ulemu ku London monga katswiri woposa onse pa mpikisano wa chaka chimenecho.

Phunziro kwa alangizi ndi lakuti nthaka isayesedwe ndi chonde cha pamwamba chokha. Musanabzale mbeu yokhalitsa, kumbani dzenje, muone kuzama kwa dothi, kuchuluka kwa dongo, ndi pamene mizu idzalekezere. Mbeu yotere ikabzalidwa pamalo olakwika, mlimi amavutika nayo zaka zambiri.