Mchere Wobisika m'Madzi a m'Mijigo ya ku Nkhotakota

Ambiri a ife tinaonapo ana a mano ofiirira ngati achita dzimbiri, ndipo timafulumira kunena kuti mwanayo satsuka m'kamwa. Kawirikawiri mwanayo timangomunamizira, pakuti gwero la vutoli lili pansi pa nthaka.

Nyanja ya Malawi inakhala m'chigwa chachikulu cha Rift Valley, pamene nthaka inang'ambika kalekale. Kumpoto kwa nyanjayi, m'dziko la Tanzania, kuli mapiri ophulika a Rungwe. Kuno ku Nkhotakota tilibe phiri lotere, koma ming'alu ya pansi ilipo, ndipo akasupe a madzi otentha a ku Mawira ndiwo mboni yake. Madzi a mvula amalowa pansi kwambiri m'ming'aluyi, natenthedwa ndi miyala, nabwerera kumtunda atasungunula mchere wa m'miyalamo. Wina mwa mcherewu ndi fluoride. Iye si chitsulo monga arsenic kapena manganese zimene zimapezekanso m'madzi a madera ena a mapiri ophulika, koma njira imene amafikira m'thupi ndi yomweyo: mwala, madzi, kenaka ndowa ya pakhomo.

Fluoride wochepa amalimbitsa mano, nchifukwa chake amamuika m'mankhwala otsukira mano. Akachuluka ndi pamene amawononga. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati lita imodzi ya madzi akumwa isapitirire mamiligalamu 1.5. Muyezo umene dziko lathu linakhazikitsa m'chaka cha 2005 wa madzi a m'mijigo ndi m'zitsime unalola mpaka mamiligalamu 6, kuwirikiza kanayi. Ife tikuona kuti muyezo umenewu unalekerera kwambiri, chifukwa mjigo ungathe kuvomerezedwa pamene madzi ake akuwononga mano a ana.

Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi ana osapitirira zaka zisanu ndi zitatu, pamene mano achikulire akuumbika m'nkhama. Poyamba pamaoneka timadontho toyera ngati choko, kenaka mano amafiira ndi kuyamba kukumbika. Dzino likatero silibwereranso mwakale, ngakhale mutalikwecha ndi phulusa kapena mchenga, kutero nkungoliwonongeratu. Munthu akamwa madzi a fluoride wochuluka zedi kwa zaka zambiri, mcherewu umakhazikika m'mafupa: msana ndi mawondo zimauma, ndipo ena amapindika asanakalambe. Ziweto nazo sizipulumuka. Phiri la Laki litaphulika ku Iceland m'chaka cha 1783, phulusa lake linagwera pa msipu, ndipo nkhosa zambiri za m'dzikomo zinafa ndi poizoni yemweyu.

Chovuta nchakuti madzi otere amaoneka oyera, sanunkha ndipo sawawa. Kuwawiritsa sikuthandiza, chifukwa nthunzi imachoka, mchere nkutsala mumphika. Klorini ndi WaterGuard zimapha tizilombo tokha. Komanso mijigo iwiri ya m'mudzi umodzi ingathe kusiyana, malinga ndi mwala umene uliwonse unaboola. Njira yodziwira ndi imodzi: kuyezetsa madziwo, kudzera ku ofesi ya zamadzi ya boma lathu.

Pano tichenjezane, makamaka inu makatekisiti amene mudzafotokozere ena nkhaniyi m'miphakati. Tisauze anthu kuti asiye mjigo nkumakatunga kunyanja. Madzi a m'nyanja ali ndi fluoride wochepa, inde, koma tonse tikukumbukira kolera wa 2022 ndi 2023, amene anatenga miyoyo yambiri m'mbali mwa nyanja muno. Mano ofiira sangafanane ndi maliro. Ngati mjigo wapezeka ndi fluoride wambiri, madzi ake angagwirebe ntchito yochapira ndi kusamba, koma akumwa ndi ophikira, makamaka a ana, achokere pa mjigo wina woyezedwa kapena ku madzi a mvula osungidwa mwaukhondo.

Njira yosefera iliponso. Dayosizi ya Nakuru ku Kenya, imene ili m'chigwa chomwechi, inayamba m'chaka cha 1998 kupanga zosefera za makala a mafupa a ng'ombe. Mafupawo amawotchedwa mwa luso mpaka kusanduka makala, ndipo madzi akamadutsamo fluoride amakakamira ku makalawo. Makala akakhuta mcherewo amafunika kusintha, choncho pamafunika komiti ya mjigo yosunga kandalama ndi munthu woyeza madzi nthawi ndi nthawi.

Parishi kapena sukulu imene ikukonza zokumbitsa mjigo watsopano ipemphe wokumbayo kuti pa zoyeza zake aikepo fluoride, ndipo zotsatira zake ziperekedwe kwa komiti polemba, mjigowo usanatsegulidwe.